Zala Zitatu ndi Theka za Ba Chanda

Ndinapita ku Lusaka chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kumsika kawiri konse. Ulendo wachitatu anamugula, koma nditabwerera kunyumba ndinakhala pakhonde masiku atatu osafuna kulankhula ndi munthu. Mkazi wanga Esinati anali ndi khanda kumbuyo, mwana wamkulu atangoyamba kumene sukulu. Esinatiyo ndi amene ananena kuti ndipite. Msuweni wake anali ku Kalingalinga akuumba njerwa za simenti, ndipo anali atatumiza mawu kuti akufuna munthu wamphamvu. Mphamvu ndinali nazo. Ndinakulira pa khasu ndi nkhwangwa kwathu ku Mchinji, ndipo zikhatho zanga zinali zouma ngati chikopa cha ng'ombe.

Ndinawoloka malire pa Mwami n'kukakwera basi ku Chipata. Ndimakumbukira mapiri a ku Luangwa, basi ikukwawa pachitunda, ine nditakumbatira kachikwama kanga pamiyendo ulendo wonse. Ku Lusaka ndinatsika dzuwa litapendeka, ndipo choyamba kundidabwitsa chinali chilankhulo. Anthu ankalankhula ngati kwathu, koma mothamanga, mawu ena atawadula michira, ena achilendo. Ndikatsegula pakamwa ine ankamwetulira n'kunena kuti Chinyanja changa n'cha m'Baibulo.

Ntchito ya njerwa sinakhalitse. Mvula isanagwe msuweni uja anagulitsa makina ake n'kupita ku Solwezi kukasaka ntchito ya kumigodi. Anandisiya ndekha m'kachipinda kamene tinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya Ba Chanda. Kumeneko munthu wamkulu amatchulidwa choncho, Ba uje, Ba uje, ngakhale ali mmodzi.

Ba Chanda anali Mbemba wa kumpoto, wamfupi, woonda, tsitsi litayamba kuyera. Dzanja lawo lamanja linalibe chala cholozera, ndipo chala chapakati chinali chodukira theka. M'mawa uliwonse ankatuluka atavala ovolosi yoyera yosita bwino, ine n'kumaganiza kuti amagwira ntchito kuchipatala kapena kophika buledi. Koma asananyamuke ankaima pabwalo, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi khola la nkhuku, n'kumazunguza kandodo kachitsulo ka mutu wopindika. Panalibe chimene ankamenya. Ndinkangomva kuti fyuu, kenako chete, kenako fyuu. Ndinkawasuzumira pazenera n'kumaganiza kuti mkulu ameneyu mwina mutu sukuyenda bwino.

Tsiku lina anandipeza nditakhala pa njerwa zotsala, ndikulingalira zobwerera kwathu chimanjamanja. Sanandifunse zambiri. Anangoti ndichape malaya, mawa tinyamukire limodzi.

Kumene ananditengera kunali kubwalo la gofu. Kwa amene sanalionepo, ndi munda waukulu kuposa minda ya mudzi wathu wonse, koma wobzalidwa kapinga yekhayekha, wometedwa ngati mutu wa msilikali. Muli timaenje khumi ndi tisanu ndi titatu, kalikonse ndi mbendera yake. Wosewera amamenya kampira koyera ndi ndodo mpaka kalowe m'dzenje, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa. Ndodozo zimakhala zambiri m'chikwama cholemera, ndipo onyamula chikwamacho ndife, makedi. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi poimika magalimoto, kudikira kuti kapitawo atiitane. Anzanga sanavutike n'kuphunzira dzina langa. Anangonditcha Mchinji, ndipo dzinalo linandikhala zaka zonse.

Lolemba mabwana sankasewera, ndiye bwalo linkakhala lathu. Lolemba langa loyamba anandipatsa ndodo yakale, ya labala wong'ambika pogwirira. Ndinaifumbata ndi mphamvu zanga zonse, mano nditakukuta, kuti anthu a m'tauniwa aone mmene amamenyera mlimi. Koyamba ndinakumba dothi lokwana kubzalamo mbatata, kampira kali pomwepo. Kachiwiri ndinakapeza, koma kanayenda chapansipansi kulowera kumanja, n'kugunda mtengo, n'kubwerera kudzagwa pafupi ndi mapazi anga. Anzanga anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Kenako anaima Ba Chanda. Anaima ngati munthu amene akudikira minibasi, mapewa ali pansi, nkhope yosasonyeza kanthu. Ndodo inakwera mosafulumira n'kutsika ngati ikugwa yokha. Kampira kananyamuka n'kupita molunjika, kutali koti ndinakataya m'maso, mpaka wina anandilozera kali phee pambali pa mbendera. Munthu wake woonda chonchija, dzanja lake loperewera zala.

"Iwe Mchinji," anatero, "ugwila monga ufuna kupaya njoka. Iyi si njoka."

Anandiuza kuti ndigwirenso ndodo mmene ndinagwirira. Iwo anagwira kumutu kwake n'kuigwedeza. Ndinagwedezeka thupi lonse, mapewa mpaka m'chiuno, ngati ine ndi ndodoyo tinali mtengo umodzi. Kenako anaigwira iwo n'kundiuza kuti ndiikoke. Ndinakoka, osachoka. Anati ndiikweze ndi kuitsitsa. Mutu wa ndodo unayenda mofewa, m'mwamba, pansi, cham'mbali, manja awo akungopindika pamfundo popanda kulimbana nane.

"Waona? Yanga siichoka, koma iyenda. Yako siichoka, siyenda futi."

Makutu anamva, koma manja anakana. Milungu ingapo inadutsa ndikumenyabe mitengo, ndipo zala zanga, zimene khasu linalephera kuzitupitsa, zinatuluka matuza.

Loweruka lina titaweruka msanga, Ba Chanda sanalowere kunyumba. Ananditengera m'mphepete mwa msewu kumene azimayi amaphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Akazi awo, Bamake Mutale, anali pakati pawo, atakhala pansi miyendo atatambasula, chitenje chili mbuu ndi fumbi, mulu wa miyala yophwanya kale uli pambali. Ba Chanda anati ndikhale pa chidebe ndiwayang'ane akazi awowo. Osati nkhope, dzanja.

Ndinayang'ana. Hamala inkakwera, n'kutsika, mwala n'kugawanika. Mpini unkaoneka ngati upulumuka nthawi iliyonse, koma sunkapulumuka. Mayiwo ankacheza ndi anzawo, kuseka, kukalipira wogula amene ankafuna kuwanenerera mtengo, hamala ili pantchito yake. Kenako anandipatsa kuti ndiyese. Ndinaifinya n'kumenya. Mwala unadumpha n'kundigunda pamsongolo, ndipo ululu wina unakwera kuchokera m'dzanja mpaka m'chigongono. Azimayi onse anafa nako kuseka.

Bamake Mutale anandilanda hamala ija n'kundiuza kuti munthu wofinya mpini chonchi satha tsiku limodzi pamiyala, ndipo mawa lake sangagwire ngakhale kapu ya tiyi. Anati hamala ili nako kale kulemera kwake. Ntchito ya dzanja ndi kuionetsa pogwera ndi kuiletsa kuthawa, basi.

Pobwerera Ba Chanda anandifunsa ngati ndinkafinya mpini wa khasu polima tsiku lonse. Ndinaima pamsewu n'kuganiza. Ayi ndithu. Amene amafinya khasu ndi mwana wa m'tauni wobwera patchuthi, ndipo ndi amene amatuluka matuza. Manja anga ankazidziwa kale zimenezi. Kungoti ndodo ya gofu ndinkaiopa, chifukwa inali chinthu cha anthu olemera, ndiye ndinkaigwira mwamantha.

Za zala zawo anandiuza patapita nthawi, tikudya chinangwa chowotcha ndi mtedza pansi pa mkuyu paja. Ali mnyamata ankanyamula zikwama pabwalo la gofu la kumigodi ku Kopabeluti, ndipo ankamenya patali koma mokhota ngati ine. Atakula analowa ntchito ya pansi pa mgodi. Tsiku lina unyolo wa makina unawakola dzanja, ntchito n'kuthera pomwepo. Atachira anabwerera ku gofu chifukwa kunalibe kwina kolowera, ndipo anadabwa kuona kampira kakupita molunjika. Dzanja lamanja, limene kale linkatsamwitsa ndodo, linalibenso zala zotsamwitsira. Ine ndinati ndiye kuti ngoziyo inawathandiza. Iwo anakana.

"Awe. Nikanakonda chala changa. Koma vamene ninapunzila, iwe upunzile uli na zala zonse."

Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuona zimene iwo ankaona. Anandiphunzitsa kuti ndodo imagwidwa ndi zala zitatu zomalizira za dzanja lamanzere, lamanja limangoperekeza. Chachikulu kwa iwo chinali chakuti mmene wagwirira poyamba ndi mmenenso umalizire. Anthu ambiri amayamba bwino, koma ndodo ikafika pamwamba n'kuyamba kutsika amaifinya mwadzidzidzi, mutu wake n'kufika pa kampira utatembenuka. Enanso amalekerera kwambiri, ndodo n'kumasewera m'manja, ndipo amenewo ankawadzudzula chimodzimodzi. Kampira kakagwera mu udzu wautali ankati ulimbitseko pang'ono usanayambe, chifukwa udzu umakola mutu wa ndodo, koma usasinthe pakati panjira. Mvula ikamagwa ankayenda ndi mathaulo awiri, lina atalibisa m'kati mwa ovolosi, chifukwa pogwirira pakanyowa munthu amafinya osadziwa. Bwana wachilendo akabwera, Ba Chanda sankayang'ana kampira. Ankayang'ana mtsempha wa pamkono ndi nsagwada. Nthawi zina ankapempha golovesi ya munthu, n'kuona pamene yabooka, n'kumuuza vuto lake asanamenye n'komwe.

Lolemba lina, patapita zaka ndithu, kampira kanga kanapita molunjika n'kukagwa kutsogolo kwa kawo. Ba Chanda anangonyamula chikwama n'kupitirira. Koma titafika kunyumba Bamake Mutale anandinong'oneza kuti amuna awo ayamba kukamba za ine ali pachipata, nsapato asanavule.

Moyo wa m'komboni sunali wofewa. Dzinja madzi ankalowa m'kachipinda kanga, matilesi n'kumawakweza pa njerwa. Panali milungu imene mabwana sankabwera, ife n'kumangokhala pansi pa mkuyu mpaka dzuwa kupendeka. Chikalata changa chokhalira m'dzikomo chinatha ntchito, ndipo ndikaona galimoto ya boma ndinkakhotera kanjira kena. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwa Esinati pafoni, iye n'kumandiuza zimene wachita nazo: feteleza, yunifolomu, kenako malata. Kwathu ndinkapita mwa apo ndi apo, kwa masiku ochepa. Bambo anga atamwalira uthenga unandipeza mochedwa, ataikidwa kale. Bamake Mutale atamva anayala mphasa pabwalo n'kuitana azimayi a kutchalitchi kwawo ndi a kumiyala. Makedi nawo anabwera. Anakhala nane tsiku lathunthu akuimbira munthu amene sanamuonepo.

Mwa mabwana onse, amene Ba Chanda ankawanyamulira nthawi zonse anali Ba Nakamba, mayi wamtali wovala magalasi, loya. Sankaseka chisawawa, ndipo makedi ambiri ankawaopa. Ine ndinkawaopa kuposa onse chifukwa cha chikalata chija. Ndinkaganiza kuti loya amamva fungo la munthu wopanda mapepala. Ankasewera bwino, kupatula malo amodzi. Dzenje limene limatsatana ndi lomaliza linali ndi dziwe kutsogolo kwake. Akamasewera mongocheza, kampira kawo kankawoloka bwinobwino. Ukakhala mpikisano, khuvu m'madzi, chaka ndi chaka.

M'mawa wina m'nyengo yozizira sindinamve kulira kwa ndodo pabwalo. Ndinamva Bamake Mutale akuitana dzina langa. Ba Chanda anali pansi pafupi ndi khola, atavala nsapato imodzi, pakamwa patapotoka. Tinawanyamula mpaka kumsewu n'kupeza galimoto. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yamanzere inali itafooka, mwendo ndi dzanja lomwe, dzanja la zala zonse lija.

Atatuluka anawapatsa kampira ka labala koti azifinya tsiku lililonse. Ndinkawapeza pakhonde akulimbana nako, thukuta lili pamphumi, zala zikungonjenjemera. Tsiku lina anandionetsa kampirako n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Anati zaka zonsezi akhala akuletsa anthu kufinya, lero dokotala akuwakalipira kuti sakufinya mokwanira. Ndinaseka nawo, koma nditalowa m'chipinda changa ndinalira.

Kubwalo kapitawo ananena poyera kuti wosatha kunyamula chikwama alibe malo pansi pa mkuyu. Tinachonderera, koma anati lamulolo sanalembe ndi iye. Banja lonse linatsamira pa hamala ya Bamake Mutale.

Dzinja litafika kunali mpikisano waukulu wa amayi, wa masiku awiri. Kutatsala masiku ochepa Ba Nakamba anabwera okha ku Kalingalinga. Galimoto anaisiya kumsewu chifukwa cha matope n'kulowa wapansi, akudumpha zithaphwi. Anakhala pa kampando n'kucheza ndi Ba Chanda nthawi ndithu, kenako anafunsa kuti awanyamulire ndani. Ba Chanda analoza ine. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Atapita ndinati sindingathe. Ba Chanda anati chikwama ndimachitha, maenje ndimawadziwa, chotsala n'chimodzi. Pa dziwe paja ndiyang'ane mkono wawo wamanja, ndipo mtsempha ukatuluka ndisawalole kumenya. Ndinafunsa kuti munthu ngati ine angamuletse bwanji loya.

"Ni muntu chabe," anatero. "Ayopa manzi monga mwamene iwe uyopela motoka ya boma. Ukaona, ukambe. Ukankala chabe zii, sunagwile nchito."

Tsiku loyamba la mpikisano ndinaona, koma sindinakambe. Mtsempha unatuluka ndikuuona, pakamwa panga n'kukana kutseguka, kampira n'kulowa m'dziwe. Ba Nakamba sanandikalipire, anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse kena. Nditafika kunyumba Ba Chanda anali atamva kale kwa anzathu. Anangouza akazi awo kuti awasitire ovolosi, mawa apita kumpikisano.

Tsiku lachiwiri Ba Nakamba anasewera mmene sindinawaonerepo, n'kubweza zonse zimene anataya dzulo lake. Pofika pa dziwe anali atafanana ndi mtsikana wina wa ku Ndola amene ankatsogola. Kunkagwa mvula yowaza. Pansi pa mtengo, pakati pa oonerera, panali Ba Chanda atatsamira ndodo yoyendera. Lamulo la mpikisano silimulola woonerera kulangiza wosewera, ndiye sakanatha kunena kanthu. Maso athu atakumana, iwo anayang'ana pansi.

Ndinapereka ndodo nditaipukuta kale. Ba Nakamba anaima pa kampira. Ndinamva labala akulira m'manja mwawo, kulira kwa chinthu chofinyidwa. Mtsempha unali utaima kuchokera pamfundo ya dzanja mpaka pachigongono, nsagwada zitauma. Miyendo yanga inayenda yokha.

"Ba Madamu, ndodo yanyowa. Ndipatseni ndipukute."

Anthu onse anatembenuka. Kumudula wosewera ataima kale pa kampira ndi mlandu woti kedi akhoza kuthamangitsidwa nawo. Ba Nakamba anandiyang'anira pamwamba pa magalasi, koma ndodo anandipatsa. Ndinaipukuta pang'onopang'ono ngakhale inali youma. Kenako ndinanena motsitsa mawu kuti afinya kwambiri, makamaka dzanja lamanja.

"Ati bwanji?"

"Mwafinya, mayi. Dzulonso munafinya, ine ndinaopa kunena. Taonani mkono wanu."

Anauyang'ana mkonowo. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti zanga zatha. Kenako anagwedeza manja onse awiri ngati munthu amene wangosamba m'manja, n'kupuma mozama. Anatenga ndodo, n'kuinyamula m'mwamba pang'ono, n'kuigwedeza mpaka mutu wake unayamba kuyenda mofewa. Anaimanso. Mkono unali wosalala. Anamenya.

Phokoso lokha linandiuza ndisanaone. Kampira kanakwera, kanadutsa pamwamba pa madzi malo n'kutsala, n'kukagwera kuseri kwa mbendera. Ndinayang'ana kumtengo kuja. Ba Chanda anali atavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Mpikisanowo sanapambane. Pa dzenje lomaliza kampira kawo kanazungulira m'mphepete mwa dzenje n'kutuluka, mtsikana wa ku Ndola n'kutenga chikho. Koma asanapite kukalandira mphoto yachiwiri, Ba Nakamba analunjika kwa Ba Chanda n'kuwauza pamaso pa anthu kuti Mmalawi wawoyu wawakalipira lero. Ndinauma thupi. Kani ankadziwa kuyambira kalekale kuti si ine wa m'dzikomo, anati kalankhulidwe kanga kokha kankandiulula. Sabata yotsatira anandilembera pakapepala ofesi yoti ndipiteko ndi zoti nditenge, ndipo mapepala anga anakonzeka.

Za Ba Chanda anakazitula ku komiti ya bwalo. Sindikudziwa zimene anakanena kumeneko, koma mwezi usanathe anaika mpando pamthunzi, pamalo ophunzirira kumenya. Ba Chanda anayamba kuphunzitsa ongoyamba kumene, a kubanki, akazi a mabwana, ana a sukulu. Phunziro loyamba kunalibe kampira. Munthu ankangogwira ndodo, iwo n'kumamukhudza pamkono ndi zala zawo zitatu ndi theka mpaka pafewe. Ena ankanyansidwa nazo n'kupita, koma ambiri ankabweranso ndi anzawo. M'mawa tinkanyamukabe limodzi, koma molawirira kuposa kale, chifukwa mwendo unkakoka.

Ndinabwerera kwathu maondo atayamba kudandaula, Esinati atandiuza pafoni kuti ana akula osandidziwa ndipo iye watopa kuwafotokozera. Ba Chanda anandiperekeza mpaka pokwerera minibasi, ngakhale akazi awo anawaletsa. Sanandinyengerere kuti nditsale. Anangoti ndachedwa kale.

Ndinapeza nyumba ya malata, ndi mkazi wosiyana ndi amene ndinamusiya. Esinati tsopano ankagula soya ndi mtedza kwa alimi n'kumakagulitsa pa boma, ali ndi sikelo yakeyake, anthu akubwera kudzamufunsa nzeru. Khanda lija linali mtsikana wa sitandade eyiti. Anandigwadira pondipatsa moni ngati mlendo, ndipo ndikati manje m'malo mwa tsopano, iye ndi mkulu wake ankatsinana n'kumaseka. Za kumunda, za sukulu, za mbuzi, zonse zinkagamulidwa ine ndisanazimve n'komwe. Panalibe amene ankandichitira mwano. Kungoti nyumba inali itazolowera kuyenda popanda ine.

Chimene ndinabwera nacho chinali nkhani, ndipo nkhani zanga zonse zinkathera kwa Ba Chanda. Esinati anafika potopa nazo. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti masewera a anthu olemera amenewo ndi amene anamulanda mwamuna, ndipo za nkhalamba imeneyo sakufuna kumvanso. Ndinasiya kuwatchula.

Patapita miyezi, masana ena tikuswa mtedza pakhonde, foni yanga inalira. Anali Mutale, mwana wamkulu wa Ba Chanda, wowotcherera zitsulo, atatumiza kanema. Ndinkafuna kukaonera kuseri, koma Esinati anati ndiyatse pomwepo.

Linali bwalo la mpira la m'komboni, la fumbi lokhalokha. Ba Chanda anaima pakati, dzanja lamanzere lili m'thumba, ndodo ili m'dzanja lamanja lokha. Koyamba anaphonya n'kudzandira. Wina anafuna kuwagwira, iwo n'kumukankha ndi chigongono. Anaimanso, n'kuzunguza ndodo mosapupuluma. Kampira kananyamuka n'kudutsa pamwamba pa magolo, ndipo kumbuyo kwa wojambula kunamveka nthungululu.

Esinati anandilanda foni n'kuonera katatu. Anaimitsa kanema pamene dzanja linkaoneka bwino n'kuwerenga zala. Anafunsa kuti wa nthungululuyo ndani, ndipo ndinati ndi akazi awo, amene ankandiphikira phala ndikadwala. Kenako anati ndiwaimbire.

Ine ndinangopereka moni, Esinati n'kundilandanso foni. Anapita nayo kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinkamva akuseka ndi Bamake Mutale, wina Chichewa, wina Chinyanja cha ku Lusaka, mpaka mayunitsi anatha. Atabwerera anakhala pansi n'kukoka lichero. Anayamba kupatula mtedza waukuluwaukulu n'kumauika pambali.

"Uwu si wogulitsa," anatero. "Mawa mukafunse za basi ya ku Lusaka. Thumba limeneli ndisankha ndekha."